Mabuleki anga "analira" ndipo palibe amene anawasuzumira

Achimwene, mawu akuti "crying" musawalembe m'buku la kugalaja pofotokoza phokoso la galimoto yanuyo, chifukwa ine ndinatsala pang'ono kufera m'munda wa tiyi kuno ku Thyolo kaamba ka mawu omwewo. Ife timati mwana akulira, tambala akulira, belu likulira, mbuzi ikulira, koma pa Chingerezi chilichonse chili ndi mawu akeake: mwana "cries", tambala "crows", belu "rings", mbuzi "bleats". Pagalimoto ndiye pamafunika kusamala kwambiri, pakuti mawu amene mwasankha ndi amene amauza makaniko poyambira kumasula.

Ndinkayendetsa lole yotuta tiyi wamuwisi kuchokera kumasikelo kupita kufakitale, m'nyengo ya dzinja pamene masamba amachuluka ndipo aliyense amakhala pa liwiro. Mabuleki anayamba kumveka kuti chitsulo chikupalana ndi chitsulo chinzake, ndipo ndinalemba kuti "brakes are crying". Kapitawo wa kugalaja anawerenga mokweza pamaso pa anyamata ake, n'kundifunsa ngati mabulekiwo akufuna kuyamwa. Sanagwade n'komwe kuti aone kunsi. Anangoti imeneyo ndi "squealing" ya mabuleki onyowa ndi mvula, ndinyamuke tiyi asanapse mulole.

Masana omwewo ndinkatsetsereka ndi katundu wodzaza, chiperoni chitatseka njira moti mitengo ya bulugama sinkaoneka. Nditaponda buleki, lole inangokukuta mano osachepetsa liwiro, fungo la chitsulo chopsa n'kudzaza mkati. Kutsogolo kunali amayi othyola tiyi, madengu ali kumsana, akuyenda pakati pa msewu. Ndinaliza hutala, ndinayesa kubweza giya koma inakana, mpaka ndinakhotetsera lole m'ngalande mwadala. Mnyamata wondithandiza anamenyetsa pakamwa pachitseko, magazi ali chuchuchu pamalaya, ndipo matumba a tiyi anamwazikira m'matope. Miyendo yanga inkanjenjemera moti ndinalephera kutsika.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti pamlandu kapitawo uja anabwera ndi buku lija, n'kunena kuti ndikanalemba "grinding" sakanalola galimotoyo kutuluka. Munthu wobadwira konkuno, wolankhula Chichewa ndi Chilomwe ngati ine, amene anamva bwinobwino chimene ndinkatanthauza, anabisala kuseri kwa Chingerezi kuti apulumutse ntchito yake. Amene anadulidwa malipiro ndi ine.

Choncho mawuwa muwadziwe. "Squeal" ndi kulira kopyapyala kobaya m'makutu, monga kwa lamba wa injini amene wakhwepa. "Grind" ndi chitsulo kudyana ndi chitsulo, ndipo pamabuleki ndiye kuti atheratu. "Hiss" ndi mpweya wothawira pabowo, chinthu choopsa palole ya mabuleki a mpweya. "Knock" ndi kugogoda kwa mkati mwa injini, pamene "rattle" ndi kugwedera kwa chinthu chomasuka, ngati ekizozi imene yaduka pomangira.

Komabe kunena zoona, musataye nthawi yambiri ndi kuloweza zimenezi, chifukwa munthu wa mtima ngati wa kapitawo uja angakupezereni chifukwa china ngakhale mutalemba Chingerezi cha ku London. Lembani m'Chichewa momwemo, phokosolo mulijambule pafoni, ndipo makiyi muwasiye patebulo pake kufikira atalowa yekha kunsi kwa galimotoyo.