Ndi Mzimu Woyera kapena ndi kiyibodi?

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti akamayimba m'tchalitchi misozi imangotsika yokha, koma akagwada kuchipinda kwawo mtima umangoti gwaa. Ndiye akufunsa ngati chimawagwira chija ndi Mzimu Woyera kapena kiyibodi chabe.

Achemwali, mwandikhudza pachilonda, chifukwa ine ndidakhalapo pa kiyibodipo. Ndinkadziwa kuti ndikatsitsa mawu, ng'oma n'kuti zii, kenaka tonse n'kulowa pamodzi mwamphamvu, manja a anthu akwera basi. Sizinkaphonya. Tsiku lina wotsogolera nyimbo adandinong'oneza kuti, "Bwerezanso, anthu sanalire." Mawu amenewo adandisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali, mpaka ndinkakayikira msozi uliwonse womwe ndinkauona, ngakhale wa agogo omwe ankalira chifukwa cha zawozawo.

Nkhawayi ndi yakale. Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo, adalemba kuti kakomedwe ka nyimbo kakamukhudza kuposa mawu ake, ankadziona wochimwa. Zwingli, mtsogoleri wa mpingo yemwenso anali katswiri wa zoyimbira, adachotsa nyimbo m'mapemphero a ku Zurich. Calvin, mtsogoleri wa mpingo ku Geneva, adalola kuyimba Masalimo, koma popanda choyimbira chilichonse. Anthu akuluakulu ndithu, koma ine pano sindigwirizana nawo. Pa 2 Mafumu 3:15 Elisa adayamba wayitanitsa woyimba zeze, ndipo dzanja la Yehova lidamugwira uyo ali mkati moyimba. Tinene kuti mneneri adapusitsidwa ndi zingwe? Mulungu adatilenga ndi makutu, ndipo sachita manyazi kudzera pamenepo.

Chomwe chimandipsetsa mtima ndi china. Masiku ano timangoyimba zachipambano zokhazokha, Sabata ndi Sabata. Pa Masalimo 150 aja, ochuluka ndithu ndi madandaulo, ndipo Salimo 88 limatha osatonthoza munthu n'komwe. Nanga mayi yemwe waika mwana wake m'manda sabata yomweyo ayimbe chiyani? Timamukakamiza kuvina, kenaka n'kumati alibe chikhulupiriro. Kumeneko ndi kumulakwira, ndipo otsogolera nyimbo ayenera kumva.

Ndiye mutani?

Lembani papepala mawu a nyimbo imene imakulizaniyo, muwawerenge pakati pa sabata osayimba. Mukapeza kuti akunena zoona za Khristu, misozi yanu musayikayikire. Mukapeza mzere umodzi wongobwerezabwereza wopanda kanthu, sakani nyimbo ina. Komanso kuchipindako bwanji osayimba? Palibe adalamula kuti pemphero la panokha lizikhala lachete.