Kodi Mabelu a William Byrd Amalira Bwanji pa Limba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaimba limba pa tchalitchi cha kwawo ndipo amaphunzitsanso kwaya. Iwo anati anamva pa YouTube nyimbo yotchedwa The Bells, yopekedwa ndi William Byrd, ikuimbidwa pa limba lalikulu la mapaipi, ndipo inawagwira mtima moti anaibwereza kangapo usiku womwewo. Anafuna kudziwa ngati nyimboyi inapekedwera limba la m'tchalitchi, chifukwa chimene ikutchedwera mabelu pamene m'menemo simukumveka belu ngakhale limodzi, komanso mmene iwo angaiimbire kuti omvera amve mabeluwo. Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Nyimbo imeneyi ndimaikonda kuyambira kalekale, choncho mundilole ndikuyankheni mofatsa.

William Byrd anali Mngelezi amene anabadwa cha m'ma 1540 ndi kumwalira mu 1623, kumapeto kwa nyengo imene olemba mbiri amaitcha Renaissance. Limba analidziwa bwino kwambiri, chifukwa mu 1563 analembedwa ntchito yoimba limba ndi kuphunzitsa anyamata a kwaya m'tchalitchi chachikulu cha ku Lincoln, ndipo mu 1572 anasamukira ku Chapel Royal, gulu la oimba a Mfumukazi Elizabeth Woyamba, kumene ankagwira ntchito limodzi ndi wopeka nyimbo mnzake Thomas Tallis. Ali ku Lincoln, mu 1569, akuluakulu a tchalitchi anayamba amuimitsira malipiro ndi kumulembera malamulo a mmene ayenera kuimbira limba pa mapemphero, zomwe zikusonyeza kuti m'dziko la England la nthawi imeneyo anthu ena sankakondwa ndi limba lolankhula kwambiri. Byrd mwiniwakeyo anali Mkatolika m'dziko limene boma linali la Chipulotesitanti, ndipo anakhalabe m'chikhulupiriro chake mpaka imfa.

Pa funso lanu loyamba, yankho loona ndi lakuti The Bells si nyimbo ya mapemphero, ndipo pa pepala pake sipanalembedwe kuti ndi ya limba. Inatifika kudzera m'buku lalikulu lolembedwa pamanja lotchedwa Fitzwilliam Virginal Book, lomwe lili ndi nyimbo pafupifupi 300 ndipo limasungidwa ku Fitzwilliam Museum mumzinda wa Cambridge. Bukuli linasindikizidwa lonse mu 1899, ndipo kuyambira pamenepo oimba ambiri anayamba kuidziwa nyimboyi. Virginal ndi kachipangizo ka makiyi kooneka ngati bokosi, kamene munthu akadina kiyi, kachidutswa ka nthenga ya mbalame kamakodola waya n'kuusiya ukulira. Kanali ka m'nyumba, koimbidwa pabalaza. Komabe oimba a nthawi imeneyo sankamanga mpanda wolimba pakati pa zipangizo za makiyi monga timachitira ife lero. Malimba a ku England a nthawiyo analibe makiyi a mapazi, motero chilichonse chimene manja awiri akanatha pa virginal chinkathekanso pa limba, ndipo m'nyumba za anthu olemera munkapezeka timalimba ting'onoting'ono ta mapaipi. Amene munamumvayo sanalakwire Byrd poiimba pa limba. Wangosankha njira yovutirapo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tsopano tiyang'ane nyimboyo. Inu amene mumaphunzitsa kwaya ndi solfa muimva msanga: maziko ake onse ndi manoti awiri okha, do ndi re, amene pa makiyi ndi C ndi D. Dzanja lamanzere limayamba lokha, do, re, do, re, ndipo limapitiriza motero kwa mphindi pafupifupi 6, osatopa, ngati mabelu awiri akuluakulu amene akugwedezeka mosinthana pamwamba pa nsanja. Pamwamba pa manoti awiriwo pamalowa liwu lina lotsetsereka kuchokera m'mwamba, kenako lina limalitsanzira lisanamalize loyambalo, kenakonso lina, mpaka khutu limasiya kuwerenga kuti ndi angati. Nyimboyi ili ndi zigawo 9, ndipo pamene ikupita patsogolo manoti a pamwamba amafupika ndi kuchulukana, zala zimathamanga kukwera ndi kutsika, koma pansi paja do ndi re sasuntha. Chimene chimandidabwitsa nthawi zonse ndi chakuti Byrd anadzimanga yekha manja posankha maziko osauka chonchi, amene salola nyimbo kupita kutali ndi kwawo, koma munthu sufika potopa nayo, chifukwa ulendo uliwonse manoti awiri aja akabwerera amapeza zinthu zasintha pamwamba pake.

Mabelu ali m'kutsetsereka kumeneko. Ku England mabelu a m'tchalitchi amakhala angapo, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kawirikawiri, ochunidwa motsatana ngati masitepe, ndipo belu lililonse limakhala ndi munthu wake wokoka chingwe. Ndinakhalapo madzulo ena pansi pa nsanja ya tchalitchi cha m'mudzi wina kumeneko pamene oliza mabelu ankayeserera. Anaima mozungulira, aliyense atagwira chingwe chake pamalo okulungidwa ndi ubweya wofewa, maso ali pa manja a mnzake woyandikana naye. Wa belu laling'ono kwambiri anakoka poyamba, enawo n'kumatsatira mmodzimmodzi mpaka wa belu lalikulu, ndipo chimene chinatuluka kunja chinali do, ti, la, so, fa, mi, re, do, kutsika, n'kuyambiranso pamwamba nthawi yomweyo, belu lomaliza lisanasiye kung'ung'udza. Luso losinthasintha ndondomeko ya mabeluwo mwa masamu linakhwima Byrd atamwalira kale, ndipo buku loyamba lofotokoza zimenezi, Tintinnalogia, linatuluka mu 1668. Koma kulira kotsika motsatana kuja, pamodzi ndi kugunda kwa belu limodzi kapena awiri, anthu a nthawi ya Byrd ankakumva tsiku ndi tsiku, pa maukwati, pa maliro, komanso pa 17 November chaka chilichonse pokumbukira tsiku limene Elizabeth analowa ufumu. Womvera wa nthawi imeneyo sankafunika kuuzidwa kuti akumva chiyani.

Apa ndi pamene pagona vuto la limba. Belu likamenyedwa limafuula kamodzi, kenako liwu lake limanka lizilala pang'onopang'ono, ndipo belu lotsatira limalowa pamwamba pa utsi wa loyambalo. Waya wa virginal umachita chimodzimodzi: umakodoledwa, umalira, umazilala. Limba la mapaipi silidziwa kuzilala. Mphepo ikalowa m'paipi, liwu limaima chilili pa mphamvu imodzi mpaka chala chitachoka pa kiyi, ndipo chikachoka limaduka pomwepo. Mukaimba The Bells pa limba mogwirizira noti iliyonse mpaka kumapeto kwake, monga timachitira poperekeza nyimbo za mpingo, mawu amaunjikana n'kusanduka phala, ndipo mabelu amasowa. Ine zinandichitikira ulendo woyamba pamene ndinaiyesa m'tchalitchi chopanda anthu: ndinatsegula mapaipi ambiri, ndinagwirizira do ndi re mwamphamvu, ndipo mnzanga amene anakhala pa benchi yakumbuyo anandiuza kuti akungomva mkokomo ngati wa chigayo. Titayesanso, ndinadula noti iliyonse ya dzanja lamanzere isanathe, n'kusiya kampata kakang'ono isanalowe inzake, ndipo pamenepo m'pamene makoma ndi denga zinatenga liwu lija n'kulizilalitsa zokha. Pa limba, kuzilala kwa belu kumachitika ndi nyumbayo, ndipo ntchito ya woimba ndi kuchotsa chala pa nthawi yake kuti nyumbayo ipeze mpata.

Zimathandizanso kudziwa limba limene Byrd ankalidziwa. Malimba ambiri a ku England anaphwanyidwa nyumba ya malamulo italamula mu 1644 kuti achotsedwe m'matchalitchi, choncho palibe limba la nthawi ya Elizabeth limene linatsala lathunthu. Koma mu 1977, m'mudzi wa Wetheringsett ku Suffolk, munapezeka thabwa lakale lokhala ndi mizere ya mabowo limene linkagwira ntchito ngati chitseko, ndipo akatswiri anazindikira kuti linali thabwa lokhazikapo mapaipi a limba la zaka za m'ma 1500. Kuchokera pa thabwa limenelo, ndi lina lopezeka ku Wingfield, amisiri a kampani yopanga malimba ya Goetze and Gwynn anapanga malimba awiri otsanzira akalewo. Ndi malimba a mzere umodzi wa makiyi, opanda makiyi a mapazi, a mawu owala ndi omveka bwino, osati a mabingu. Munthu akawamva amazindikira kuti nyimbo ya manoti othamanga ngati iyi imafuna liwu lopepuka limene limayankha msanga chala chikangokhudza.

Ndiye malangizo anga ndi awa, Bambo. Musatengere do ndi re ku makiyi a mapazi ndi mapaipi akuluakulu a mafiti 16 (nambala ya mafiti imanena kutalika kwa paipi, ndipo paipi yaitali imalira pansi, yaifupi m'mwamba), ngakhale mtima ukukuuzani kuti belu lalikulu liyenera kugunda pansi penipeni. Mapaipi amenewo amachedwa kulankhula ndipo amaphimba zonse za pamwamba. Yambani ndi liwu limodzi loyera la mafiti 8, kapena muwonjezere la mafiti 4, ndipo ngati mufuna kukuza mawu, dikirani mpaka zigawo zomalizira. Byrd anaika kale kukula kwa nyimboyi m'kuchulukana kwa manoti, motero safuna thandizo lambiri. Liwiro mulisankhe poyang'ana chigawo chothamanga kwambiri, chifukwa chiyambi chimaoneka chosavuta ndipo chimanyenga munthu kuyamba mofulumira, n'kudzapunthwa kutsogolo. Mukangosankha, musalisinthe. Belu lolemera likayamba kugwedezeka silingafulumizitsidwe kapena kuchedwetsedwa mwachisawawa, ndipo omvera amakhulupirira kuti akumva mabelu pokhapokha do ndi re akamabwera mosaphonya.

Pali kanthu kenanso ka zala kamene kanandithandiza kwambiri. Oimba a ku England a nthawi imeneyo sankadalira chala chachikulu podutsa manoti otsatana monga timaphunzitsidwira masiku ano. Dzanja lamanja potsika linkabwereza chala chachitatu ndi chachiwiri, pokwera chachitatu ndi chachinayi, ndipo zimenezi zimagawa manoti awiriawiri mwachibadwa, ina yolemera, ina yopepuka. Yesani kutsika kuchokera pa do wapamwamba ndi zala ziwiri zokhazo, pang'onopang'ono, ndipo mudzamva kuti noti iliyonse yayamba kukhala ndi mutu wake, monga belu lililonse lili ndi wokoka wake.

Ngati pa tchalitchi panu muli ndi kiyibodi yamagetsi, mudzakopeka kusankha liwu la mabelu limene opanga anaikamo. Ndikupemphani kuti musatero pa nyimbo iyi. Belu lenileni silitulutsa noti imodzi yokha; mkati mwake mumamvekanso manoti ena, ndipo imodzi mwa iwo ili pamtunda wofanana ndi wa la kufika pa do, umene umapatsa belu kamvekedwe kachisoni kaja. Mukaimba manoti atatu kapena anayi pamodzi ndi liwu lotero, amalimbana ndi kuwawa m'khutu, makamaka m'zigawo zothamanga. Byrd anatengako kayendedwe ka mabelu n'kusiya chitsulo chake, ndipo opeka ena a pambuyo pake anachita chimodzimodzi pa limba lenileni, monga Nicolas Lebègue wa ku Paris mu Les Cloches ya mu 1685, ndi Louis Vierne mu Carillon de Westminster ya mu 1927. Pa kiyibodi sankhani liwu la limba lopepuka kapena la harpsichord, chipangizo chokodola mawaya ngati virginal, ndipo ngati nyumba yanu ili ndi denga la malata lotsika limene silibweza mawu, onjezerani pang'ono chabe kamkokomo ka m'makinamo.

Ngakhale si nyimbo ya mapemphero, ine ndimaona kuti imakhala bwino anthu akamalowa pa ukwati kapena akamatuluka pa tsiku la chikondwerero, nthawi zomwe mabelu enieni akanalira. Manoti ake ndi osavuta kuwapeza pa intaneti, popeza kusindikiza kwa mu 1899 kuja n'kwaulere tsopano, ndipo m'bukulo nyimboyi ndi nambala 69. Poyeserera, tumani mmodzi wa anyamata anu a kwaya akakhale pa benchi yakumbuyo, inu muziimba dzanja lamanzere lokha, do ndi re, mukufupikitsa noti pang'onopang'ono, ndipo iye akweze dzanja pamene wayamba kumva manoti awiriwo akugunda padera. Utali umenewo ndi umene muugwiritse mukamawonjezera dzanja lamanja.