Za 4+1 ya ECE ku America: onani kaye mapepala

Achimwene, musanadzaze fomu ya 4+1 mukufunayo, yoti mukamaliza bachelor's ya zaka zinayi muchite masters m'chaka chimodzi chokha, pitani kaye ku ofesi ya graduate ya dipatimenti yanu ya electrical and computer engineering (ECE), akulembereni pa imelo makalasi amene adzawerengedwe ku bachelor's ndi ku masters komwe, dzina ndi nambala yake. Za pakamwa musavomere. Pepani ndikhala ngati ndikukalipa, nkhaniyi imandinyansa mpaka lero.

Masters zambiri kumeneko ndi ma credit 30, kalasi imodzi kawirikawiri imakhala 3. Kuti zithe chaka chimodzi, sukulu imalola kuti ena awerengedwe ku bachelor's ndi ku masters komwe, ndipo sakhala ambiri monga mmene amakometsera pa mapepala oitanira anthu. Ku Georgia Tech ndi 6 basi, ndipo amafuna GPA (avereji ya magiredi anu) ya 3.5. Ku Carnegie Mellon pulogalamu yawo yotereyi, IMB, amalowa ndi 3.0. Ku MIT masters yawo yotereyi, MEng, ili ndi thesis. Tsono chotsani 6 pa 30, atsala 24, kutanthauza makalasi anayi a graduate semesita iliyonse, pamene anzanu a masters wamba amatenga atatu n'kumalira kale. Ndiye mumayamba kutengeratu makalasi ena a graduate m'chaka chachinayi, nthawi yomweyo muli ndi senior design, pulojekiti yaikulu yomalizira bachelor's. Masana mukulimbana ndi Verilog pa FPGA yokana timing, PCB yabwera footprint ya regulator ili yotembenuka ndiye muitanitsenso ina, usiku homuweki ya random processes kapena linear systems. Mukapeza B- pamenepo, sukulu zambiri kalasiyo saiwerengera ku masters chifukwa amafuna B, ndipo GPA ya graduate ikatsika pa 3.0 muli pa probation musanayambe n'komwe chaka chachisanu.

Koma poopsa penipeni ndi apa. Makalasi ambiri monga computer architecture, VLSI ndi DSP amakhala ndi manambala awiri, ina ya undergraduate ina ya graduate. Chipinda chimodzi, mphunzitsi mmodzi, kungoti a graduate amawaonjezera pulojekiti kapena mafunso pa mayeso. Mukamalembetsa muli chaka chachinayi kompyuta imakuponyani ku nambala ya undergraduate, poti ndi mmene ikukudziwirani. Palibe amene amakuuzani. Mumakhoza A, mumasangalala. Chaka chachisanu mu Epulo, gauni mwalipira, makolo kumudzi mwawauza kale, ntchito mwapeza yoyamba mu Juni, kenako imelo ya degree audit, kuwerengera ngati mwakwanitsa zonse za digiri: mwaperewera ma credit 3. Mukathamangira ku ofesi akuti nambalayo si ya graduate, kapena fomu ya double counting inayenera kusainidwa bachelor's isanatuluke, pano transcript inatsekedwa. Kalasi yoti mutsekere dzenjelo mu summer mulibe, imaphunzitsidwa fall yokha. I-20 yanu, pepala la sukulu limene viza yanu imadalira, ikutha mu Meyi, ndipo extension imapemphedwa tsiku limenelo lisanadutse, likadutsa DSO, wa pa sukulu woona za mapepala a ophunzira akunja, sangakuchitireni kanthu. Kuti akuonjezereni akufuna bank statement yoonetsa ndalama za semesita ina yonse, ndi za inshuwalansi yachipatala zomwe. Pempho la OPT, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza sukulu, munatumiza kale ku USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dziko, mu Febuluwale poti amalola masiku 90 musanamalize, ndiye mulibweze, ndalama munalipira zija sizibwerera. Kampani nayo siingadikire mpaka Disembala. Zonsezi chifukwa cha nambala imodzi.

Ndipo alangizi aja, kaya amalandirira chiyani malipiro. Wa undergraduate akuti funsani a graduate. Wa graduate akuti simunakhale wathu. A international office akuti ife timangoona za viza. Amene ananena kuti "zilibe vuto, tidzakonza" uja pano akuti sakukumbukira, mwinanso anasamuka. Amakukankhiranani ngati mpira wachikulunga. Kwa mwana wa nzika ya konko ndi kuchedwa chabe kwa miyezi ingapo, kwa inu wa viza ya ophunzira ya F-1 ndi kuthamangitsidwa m'dziko, koma iwo saziona zimenezo. Pa mndandanda wawo akungofuna mutu wina wolipira fizi ya graduate.

Za ndalama musanamizidwe. Thandizo la undergraduate nthawi zambiri ndi la masemesita 8, kapena limatha tsiku limene akusinthani kukhala graduate. Funsani kuti amasintha liti, chifukwa kwina amasintha mukangofika ma credit a bachelor's ngakhale chaka chachinayi chisanathe, bilu n'kubwera ya mtengo wina. Ntchito za TA (kuthandiza kuphunzitsa) ndi RA (kuthandiza kafukufuku) zochotsa fizi amayamba kupatsa a PhD. Wa 4+1 kawirikawiri amamupatsa za grader zolipidwa pa ola, ndipo pa F-1 simudutsa maola 20 pa sabata sukulu ili mkati.

Chinanso chimene sakuuzani ndi OPT. Mlingo uliwonse wa digiri uli ndi miyezi 12 yake, ndipo ECE ndi STEM (maphunziro a sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu) ndiye pali 24 ina yoonjezera, yomwe munthu amaloledwa kawiri moyo wake wonse. Mukalumphira ku masters osapuma, miyezi ya bachelor's ija yapita, siisungidwa. Mnzanu amene amalize bachelor's, agwire ntchito zaka zitatu, kenako achite masters, adzakhalanso ndi zina zitatu, mwinanso kampani imulipirirako fizi. Ndiye chaka chimene mukuti mukupulumutsacho mukuchigula ndi zaka zitatu za chilolezo chogwira ntchito.

Onetsetsaninso kuti bachelor's akupatsani payokha kumapeto kwa chaka chachinayi, osati madigiri onse awiri limodzi pamapeto. Zikavuta pakati mutuluke ndi pepala m'manja. Paja ABET, bungwe lovomereza madigiri a uinjiniya, nthawi zambiri imavomereza bachelor's, masters ayi, ndipo ndi imeneyo mudzaonetse mukabwerera kwathu kukalembetsa ku Malawi Engineering Institution. Amene muli ku UK musasokoneze, MEng yanu ndi digiri imodzi ya zaka zinayi, zisanu ku Scotland, ndipo imawerengedwa ngati undergraduate, nkhani yake ndi ina.

Thesis mu chaka chimodzi iwalani, makamaka ya chip design. Mukaphonya tsiku la tape-out, lotumizira dizaini ya chip ku fakitale, mudikira ulendo wina, ndipo chip chikapita ku fakitale chimatenga miyezi kuti chibwere muchiyeze. Tengani ya makalasi okhaokha.

Komabe lembetsani ndithu. Fomu imapita m'chaka chachitatu, ambiri safuna mayeso olowera a GRE kwa ana awo omwe, ndipo kulandiridwa sikukumangani, mutha kukana. Ntchito za RTL design, verification, analog ndi RF zambiri amalemba kuti akufuna masters, ndipo pa viza ya ntchito ya H-1B chaka chilichonse pali malo 20,000 apadera a masters ya ku America pamwamba pa 65,000 a aliyense. Ngati pali pulofesa amene wakulemberani kalata ya RA yokhala ndi tuition waiver, musaganize kawiri, tengani lero lomwe. Mukangolembetsa kalasi iliyonse ya manambala awiri, tsegulani transcript sabata yoyamba muone nambala yalowa nthawi yosinthira makalasi (add/drop) isanatseke, jambulani, tumizani kwa graduate coordinator ndi DSO mu imelo imodzi, ndipo musawasiye mpaka ayankhe molemba.