Kodi melatonin ingachepetse mantha a mwana asanachitidwe opaleshoni?

Funso: Mwana wanga wa zaka 6 akachitidwa opaleshoni mwezi wamawa, ndipo akangoona yunifomu ya namwino amandikakamira pachitenje n'kumalira. Mchemwali wanga wa ku Britain akuti ndim'patse melatonin. Kodi mankhwalawa amathandiza? — Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Melatonin ndi homoni imene ubongo umatulutsa kukada kuti munthu agone, ndipo madokotala ena anaiyesa m'malo mwa midazolam, mankhwala amene ana amantha amapatsidwa kawirikawiri asanagonetsedwe tulo kuti achitidwe opaleshoni. Komabe kafukufuku wa MAGIC, amene anachitikira m'zipatala za ku Britain ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2024, anapeza kuti melatonin sinachepetse mantha mofanana ndi midazolam.

Chonde musam'mwetse kanthu kalikonse kogonetsa muli kunyumba, chifukwa dokotala wogonetsa odwala tulo pa opaleshoni ndiye amayeza mulingo potengera kulemera kwa mwana, komanso ayenera kudziwa zonse zimene wamwa. Muuzeni dokotalayo za manthawa tsikulo lisanafike. Mwanayo mufotokozereni zoona, kuti mwina adzapuma m'kachigoba ka pulasitiki kophimba mphuno ndi pakamwa mpaka tulo titam'gwira, ndiponso pemphani chilolezo chom'perekeza mpaka pakhomo la chipinda cha opaleshoni.