Mwasankhidwa histole ku Mzuni, amalume akuti sidyedwa

Mtsikana wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo, akuti wasankhidwa ku Mzuni (Mzuzu University) kukaphunzira za uphunzitsi ndipo phunziro lake lalikulu ndi histole, koma amalume ake omwe azimulipirira fizi akuti kumeneko nkutaya ndalama, zakale sizidyedwa, bola unamwino. Akufunsa ngati asinthe.

Achemwali, amalumewo sakunama kwenikweni ayi. Ntchito yolembedwa kuti tikufuna wa histole simuiona kawirikawiri munyuzi, ambiri amakathera kogwira choko ku sekondale, ena ochepa ku National Archives ku Zomba kapena ku museum ngati ya ku Karonga ija, ena utolankhani ndi ma NGO. Ngati mtima wanu uli pa malipiro okha basi, amvereni.

Koma taganizani za nyanja ya Malawi. Mkangano wathu ndi Tanzania womwe unatentha mu 2012 nkhani yofufuza mafuta itabwera, mukudziwa kuti ife timatsamira pati? Pa pepala la 1890, pangano la Heligoland lomwe Britain ndi Germany anasainirana, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja tsidya la kum'mawa, pomwe anzathuwo amati malire akhale pakati pamadzi. Ndiye nsomba, mafuta, sitima, zonsezo zapachikika pa munthu wodziwa kuwerenga chikalata chakale ndi mapu ake nkunena kuti apa analemba chonchi chifukwa cha chakuti. Amalume akadya batala wa ku Nkhata Bay muziwakumbutsa zimenezo.

Komanso musaganize kuti ndi histole ija ya MSCE yoloweza madeti usiku ndi tochi. Ku koleji amakupanikiza ndi mafunso, wanena ndani, analemba liti, ankafuna chani. Tengani za pa 3 March 1959 pomwe anthu anaomberedwa pa doko la Nkhata Bay, lipoti la boma la atsamunda likamba zake, agogo omwe analipo akamba zawo, iwe ntchito yako nkuziika pamodzi osakondera, ndipo munthu ukazolowera zimenezi ma voice note abodza apa WhatsApp aja sakupusitsanso, ngakhale pa milandu ya malo ndi ya ufumu yomwe yadzadza kwathu kuno umatha kuona pomwe wina wapotoza mzere wa makolo.

Ineyo zimandiwawa kuti ana ambiri obadwira mu Mzuzu muno sadziwa kuti tauniyi inayambira pa esiteti ya mitengo ya tung (ya njere zoyengera mafuta) m'ma 1940 ndipo inakhala mzinda mu 1985, sadziwanso Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress, bungwe la ndale lomenyera ufulu wa anthu akuda, mu 1944. Kaya tidikira mzungu adzatilemberenso?

Ndiye pitani, koma phunziro lachiwiri musankhe mwanzeru, Chingerezi kapena jogalafe, ndipo kompyuta muidziwe bwinobwino. Amalumewo musakangane nawo pafoni, kakhaleni nawo pansi Loweruka likubwerali muwafotokozere bwino, fizi ili m'thumba mwawo.