Za Austin Dillon ku Richmond: anapambana kapena anaba?

Achimwene imelo yanu ndaiona. Mukuti mwangoyamba kumene kuonera NASCAR, mipikisano ya magalimoto ya ku America, pa YouTube, mwakumana ndi mpikisano wa ku Richmond wa mu Ogasiti 2024, ndiye mutu waima kuti zimatheka bwanji munthu kugunda anzake awiri dala pa kona yomaliza koma nkunyamulabe chikho kupita nacho kwawo. Funso limeneli landidzutsira mkwiyo wakale ndithu.

Kwa amene simunaone, zinali chonchi. Dillon, wa galimoto nambala 3, anatsogola bwinobwino mpaka chakumapeto, kenako ena anachita ngozi mpikisano nkuyambidwanso kutatsala maraundi awiri, Joey Logano nkumupitirira. Pofika kona yomaliza Dillon anali patali ndithu koma sanafune zoponda mabuleki pa nthawi yake, anangolowa ndi sipidi yonse nkumuwomba Logano kumbuyo, Logano nkuzungulira. Denny Hamlin ataona mpata nkulowera mkati, Dillon anatsika nkumukola kumbuyo chakumanja, Hamlin khoma. Pa wailesi ya timu mukumveka mkulu amene amakhala pamwamba kumuonera njira uja akukuwa kuti mgwetse. Patapita masiku atatu a NASCAR anati chipambano ndi chake ndithu koma sichimulowetsa mu ma playoffs (mipikisano yakumapeto kwa chaka yolimbirana ukatswiri), anamulanda mapointi 25, wokuwa uja nkuimitsidwa mipikisano itatu yomwe pa apilo inatsika nkukhala umodzi. Logano amene anagundidwayo anamulipitsa madola 50,000 chifukwa mkwiyo wake anakauonetsera ndi galimoto pa malo okonzera pomwe panali anthu oyenda pansi.

Ine nkhani zogundana kumbuyozi sinditha kuziona ngati masewera chabe. Nditangofika kuno ku North Carolina ndinkagwira ntchito yoyendetsa galimoto usiku, kuperekera katundu. Tsiku lina kukugwa mvula munthu wina wa pikapu anakwiya kuti ndikuyenda pang'onopang'ono, anandikakamira kumbuyo mtunda wautali magetsi onse ali pa ine, ndiye popitirira anandikhudza pang'ono chabe pa kona yakumbuyo. Pang'ono zedi. Koma sitelingi inangosanduka chidole, galimoto kuyang'ana kwina ine kuyang'ana kwina, mpaka ndinakaima pa zitsulo zam'mbali mwa msewu. Iye sanaime nkomwe. Sindinavulale kwenikweni koma kwa nthawi yaitali ndikaona magetsi akundiyandikira pa galasi manja ankatuluka thukuta, ndipo ntchito ija ndinadzaisiya. Sipidi yanga tsiku limenelo sinafike ngakhale theka la imene anyamatawa amathamanga.

Ndiye mu 2015 mnzanga wakuntchito ananditengera ku Martinsville, kabwalo kakang'ono ku Virginia komwe wopambana amapatsidwa wotchi yaikulu yoimika pansi ija. Logano ankatsogola, Matt Kenseth galimoto yake inali itaphwanyika kale ali kumbuyo ndi maraundi angapo, koma anabwereranso mu bwalo, kumudikirira Logano, nkumukankha mpaka kukhoma osasiya. Kunali kubweza, poti masabata awiri m'mbuyomo ku Kansas Logano anamuzungulitsa iyeyo akutsogola. Phokoso limene linamveka pamenepo achimwene, anthu kuimirira, kukumbatirana, kamwana kena pafupi nane kakudumpha bambo ake akukanyamula m'mwamba. Ine ndinangokhala pansi m'mimba mukutentha. Tsiku lomwelo Jeff Gordon anapeza chipambano chake chomaliza, cha nambala 93, koma m'galimoto pobwerera nkhani inali ya Kenseth basi. Anamuimitsa mipikisano iwiri, masapota ambiri nkumati amulakwira.

Anthu akuno akamateteza zimenezi amathamangira ku mbiri, ndipo mbiriyo ilipodi. Masewerawa anayamba ndi anthu ozembetsa kachasu wawo wa kuno, okonza galimoto kuti zithawe apolisi, Junior Johnson anakhalako kundende chifukwa cha mowa womwewo. Mpikisano woyamba weniweni wa gulu lalikulu la NASCAR, limene pano amaliti Cup, ku Charlotte mu 1949 anafika koyamba ndi Glenn Dunaway koma anamulanda chifukwa masipuling'i akumbuyo anali osinthidwa, nkupatsa Jim Roper. Mu 1983 Richard Petty anapambana ku Charlotte ndi injini yopyola muyezo komanso mateyala oikidwa mbali yolakwika, analipa madola 35,000 ndi mapointi 104 koma chikho anasunga. Za amakaniko kubera pa injini ine sizindipweteka kwambiri, wagwidwa walipa zatha, palibe amene wathyoka khosi. Ngakhale za 2013 ku Richmond komweko, pomwe Clint Bowyer anazungulira yekha kutatsala maraundi 7 kuti mnzake Martin Truex Jr. alowe mu Chase (dzina la ma playoffs nthawi imeneyo), timu ya Michael Waltrip nkulipitsidwa madola 300,000, chinali chinyengo chonyansa inde koma sanalunjike galimoto pa munthu.

Tsono tamverani ichi, ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Mu 2022 ku Pocono Hamlin yemweyu anapambana, ataunika galimoto anapeza katepi koonjezera kutsogolo pansi pa zomata zokutira galimoto zija, anamulanda chipambano pompo, Kyle Busch amene anali wachiwiri nayenso kunja, chikho nkupita kwa Chase Elliott amene sanatsogoleko ndi raundi imodzi yomwe. Katepi kanalanditsa munthu chikho. Kuponyera anthu awiri kukhoma pa maso pa dziko lonse sikunalanditse. Wina andifotokozere nzeru yake.

Ndipo kukola kumbuyo chakumanja si kugunda wamba ayi. Mabwalowa amakhotera kumanzere, khoma lili kumanja, ndiye ukamenya mnzako pamenepo matako a galimoto amapita kumanzere mphuno nkulunjika khoma, iye alibe chochita. Dale Earnhardt anafa mu 2001 ku Daytona atawomba khoma ndi kutsogolo, yake inali ngozi chabe panalibe dala, koma anali mu nambala 3 yomweyi ya Richard Childress, amene ndi agogo ake a Dillon. Banja limeneli likudziwa bwino lomwe chimene khoma limachita. Chichokereni imfa imeneyo anabweretsa chogwira khosi chija cha HANS ndi makoma ofewerako, palibenso dalaivala wa Cup amene wafera mu mpikisano, ndiye achinyamatawa akula akuganiza kuti galimoto sizipha. Koma Kurt Busch anavulala m'mutu ku Pocono mu 2022 ndipo ntchito yake inathera pomwepo.

Bubba Wallace atamukola Kyle Larson ku Las Vegas mu 2022 anamuimitsa mpikisano umodzi. Elliott atamukola Hamlin ku Charlotte mu 2023, umodzinso. Dillon sanaimitsidwe nkomwe. Dalaivala aziona bwanji pomwe pali malire ngati chilango chikusintha chaka ndi chaka? Mlandu waukulu ine ndimaupereka kwa eni masewerowa. Ndi iwowa anabweretsa lamulo mu 2014 loti ukapambana kamodzi walowa mu ma playoffs, ndiye munthu ngati Dillon amene chaka chonse anali kumunsi kwa tebulo, kona imodzi inali ndi ndalama za chaka chathunthu. Ndi iwowanso mu 2010 anauza madalaivala poyera kuti azithana okhaokha, chaka chomwecho Carl Edwards nkumuulutsa Brad Keselowski m'mwamba ku Atlanta, chilango chake kungomuika pa probation, kutanthauza kumangomuyang'anira, mipikisano itatu. Ndipo ndewu ya Cale Yarborough ndi abale a Allison ku Daytona mu 1979 amaionetsa mpaka lero poitanira anthu. Sungamagulitse ndewu Lamlungu kenako Lachitatu nkumadabwa kuti anyamata akumenyana.

Ndiye yankho lanu

Mwa malamulo awo Dillon anapambana, dzina lake lili m'buku. Kwa ine anaba, anayenera kulandidwa chikho ndi kukhala panyumba sabata imodzi. Mukamaonera muzisiyanitsa: kumukhudza mnzako pa bampala kuti atsetsereke pang'ono iwe udutse, iye nkupitirirabe, nzololedwa ndipo pa mabwalo aang'ono ngati Bristol ndi Martinsville ndi mmene amathamangira. Kulowa pa kona ndi sipidi yoti wekha sukanakhota popanda kumenya munthu, kumeneko ndi kugwetsa. Kukola chakumanja kapena kubwerera mu bwalo kukasaka munthu, kumeneko nkosayenera kukambirana.

Mukapeza bando sakani Darlington ya mu Malichi 2003, Ricky Craven ndi Kurt Busch. Maraundi omaliza akukhulana zitseko, utsi uli tolotolo, Busch sitelingi itamuuma poti pawa yake inali itafa, anafika pa mzere atamatirirana Craven nkupambana ndi masekondi 0.002, onse awiri galimoto zikuyang'anabe kutsogolo, ndipo Busch anapita yekha kukamugwira chanza.