Yankho kwa atcheya a PTA pa za maphunziro a pa intaneti

Atcheya, mwanena kuti anthu amene anaphunzira kale pa CDSS yanu asonkha ndalama zoti muyambitse maphunziro a pa intaneti, ena ochitikira m'kalasi, ena oti ana azichita okha kunyumba, ndipo mukufunsa ngati komiti ivomere komanso ngati makolo auzidwe kugulira ana mafoni amakono. Ine ndikuti vomerani, koma za mafoni a makolozo zikaneni pamsonkhano woyamba womwe. Komanso ndalama yoyamba isathamangire kogula zipangizo.

Chinthuchi sichachilendo monga chikumvekera. Sukulu zambiri za CDSS zinabadwa kuchokera ku maphunziro a patali. Boma linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965, yomwe pambuyo pake inadzakhala Malawi College of Distance Education (MCDE), ndipo ana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale ankaphunzira ndi timabuku tosindikizidwa komanso wailesi, m'malo omwe ankatchedwa ma DEC (Distance Education Centres). Mu 1998 malo amenewa anasandutsidwa ma CDSS. Funsani akuluakulu omwe anadutsamo. Timabuku tinali tolembedwa bwino, koma woyang'anira anawo nthawi zambiri anali mphunzitsi wa pulayimale yemwe masamu a Fomu 4 nayenso ankamuvuta, ndipo okhoza MSCE anali ochepa. Pomwe pano pa Domasi College of Education aphunzitsi ambiri atenga dipuloma akuphunzira ali kuntchito kwawo, ndipo zimayenda chifukwa pa holide amabwera kudzakumana ndi alekichala maso ndi maso, nkubwerera ndi ntchito yoti idzachongedwe. Kusiyana kwa ziwirizi sikunali pa zipangizo. Kunali pa munthu wofunsa kuti, wawerenga kodi, tandionetse.

Ndiye tikumbukire 2020. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo makalasi olemba mayeso anabwerera mu Seputembala. Unduna unayika maphunziro a pulayimale pa wailesi ya MBC, a sekondale unawayika pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Notesmaster. Amene anapindula tikuwadziwa: mwana wa ku Matawale kapena ku Mulunguzi amene kwawo kuli magetsi ndipo mayi ake ali ndi foni yosungira zithunzi ndi makanema. Nanga wa ku Chingale, kuseri kwa phiri, komwe netiweki umayisaka pachulu? Nanga wa pachilumba cha Chisi? Pakhomo pambiri foni ndi imodzi, ndi ya bambo, imapita nawo kumsika wa Songani m'mawa nkubwera madzulo batire itatha, ndipo kutchajitsa kwake nkolipira. Ikapezeka mpata, amayamba kuigwira ndi mnyamata. Mtsikana akadali kuchitsime. Mukalamula kuti gawo lina la silabasi aliyense azikaphunzira kwawo pa foni, mwagawa kalasi pawiri, ndipo pepala la MANEB lidzabwera limodzi lomwelo kwa onse.

N'chifukwa chake ndikuti kusakaniza kwanuko kuchitikire pasukulu, mkati mwa ndandanda ya maphunziro, ndipo kusadalire intaneti ya tsiku ndi tsiku. Chitsanzo chilipo pafupi. M'sukulu zina za pulayimale za boma muli pulogalamu ya BEFIT, yomwe inayamba mu 2023, momwe ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti. Maphunziro ake anapangidwa ndi bungwe la onebillion, ali m'Chichewa, ali kale mkati mwa tabuleti moti safuna bandulo, ndipo matabuletiwo amatchajidwa ndi sola nkutsekeredwa pasukulu pompo. Mwana satenga kupita nayo kunyumba, kholo silitulutsa kanthu. Pitani ku TDC ya zoni yanu, komwe aphunzitsi a pulayimale amachitira maphunziro awo, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, akulozerani sukulu yomwe ili nazo, mukaone ndi maso anu mmene amasinthanirana. Mukafunsenso aphunzitsi akumeneko zomwe zimawatopetsa, chifukwa alendo akabwera aliyense amangoyamikira.

Ku sekondale n'zothekanso. Pali mapulogalamu ngati Kolibri omwe mumayika pa kompyuta imodzi, mumakoperamo maphunziro kamodzi kokha muli kutauni komwe kuli intaneti yabwino, kenako zipangizo zina zonse m'chipindamo zimalumikizana ndi kompyuta imeneyo popanda bandulo. Koma apa mpamene pali ntchito yeniyeni, ndipo anthu amapadumpha. Makanema ambiri aulere anapangidwira ana a kunja. Chingerezi chake n'chothamanga, zitsanzo zake n'za madola ndi chipale, ndipo ndondomeko ya mitu siyofanana ndi silabasi yomwe a Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi anakonza. Pakufunika mphunzitsi wa phunzirolo akhale pansi, aonere kanema aliyense, asankhe kuti uyu akugwirizana ndi mutu wa Fomu 3 wa sabata yachinayi, uyu ayi. Ntchito imeneyi imadya masiku, ndipo ngati pali ndalama yoti wina apatsidwe kangachepe, ndi munthu ameneyu. Mukangothira makanema zikwi m'kompyuta nkuuza ana kuti fufuzani nokha, adzaonera zomwe zawasangalatsa, osati zomwe zikuwavuta.

Pomwe ine ndimaona phindu lalikulu ndi pa sayansi. CDSS zambiri zilibe labu yokwanira, zina mphunzitsi wa Physics kapena Chemistry palibe, amangogwirizira wa phunziro lina. Kanema wosonyeza titration (kudonthezera mankhwala amadzi mu ena poyeza mphamvu yake), mtundu wa madzi ukusintha m'botolo, amathandiza mwana yemwe wakhala akungoloweza pa bolodi. Sizilowa m'malo mogwira yekha, poti mayeso a practical amafuna manja, koma amafika pa tsikulo atachionapo chinthucho. Ndipo muli pa cluster, gulu la sukulu zoyandikana zothandizana, ndi sukulu zina. Ngati pa ina pali mphunzitsi wodziwa kufotokoza masamu, kumujambula ndi foni wamba akuphunzitsa mitu yovuta khumi, akusakaniza Chingerezi ndi Chichewa monga amachitira m'kalasi, kungapose makanema onse akunja aja. Mumangogawana pa fulashi. Kaphatikizeni ndi mapepala a mayeso akale.

Tsono za ndalama. Anthu otithandiza amakonda kugula zinthu zooneka, zoti ajambulitse nazo pa tsiku lopereka, ndipo sindikuwada, ndi mtima wabwino. Koma chipangizo chili ngati ng'ombe ya ngolo: mtengo wogulira ndi wochepa poyerekeza ndi kuidyetsa. Mabatire a sola amatha pakapita zaka zingapo ndipo ndi odula. Machaja amaduka. Fumbi la mu Okutobala limalowa paliponse. Pafunika chitseko chachitsulo, mawindo otchinga bwino, ndi mlonda wolipidwa mwezi ndi mwezi, chifukwa mbiri yoti pasukulu pafika makompyuta imayenda msanga kuposa kalata yoitanira makolo. Uzani osonkhawo kuti gawo lina la ndalamazo lisungidwe padera la zokonzetsera, ndipo zilembedwe. Kuli bwino zipangizo 20 zokhala ndi ndalama yozisamalira kusiyana ndi 40 zomwe chaka chamawa theka lidzakhala m'kabati ya ahedi.

Chinanso, musaphunzitse mphunzitsi mmodzi yekha. Zimachitika kawirikawiri: wachinyamata wokonda makompyuta ndiye amasunga makiyi ndi manambala achinsinsi, kenako kalata ya transifa yabwera, chipinda chatsekedwa. Akhale atatu kapena anayi, mwa iwo mukhale mphunzitsi wamkazi, ndipo ahedi adziwe kuyatsa ndi kuzimitsa okha. Dziwitsaninso ofesi ya maphunziro ya South East Division muno mu Zomba musanayambe, kuti ola la makompyutalo lizindikirike pa ndandanda. Likakhala la madzulo akaweruka, amene amachokera kutali pa njinga sadzakhalapo, atsikana makolo adzawaletsa, ndipo mwabwereranso ku vuto lija la kugawa kalasi.

Ena amanena kuti intaneti idzatipulumutsa sukulu zikadzatsekedwanso. Ndikukayika. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, sukulu za kuchigawo chakummwera zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo magetsi ndi netiweki nazonso zinali zitavuta. Chomwe mwana angapite nacho kunyumba nthawi ngati imeneyo ndi pepala. Choncho pa mndandanda wa zogula muyikepo pulinta yolimba ndi mapepala, kuti ntchito ya kunyumba izikhala yosindikiza, yofanana kwa aliyense, yobwera nayo Lolemba kuti ichongedwe. Amene kwawo kuli foni akhoza kulandiranso zomwezo pa WhatsApp kudzera kwa kholo, koma ikhale nyongeza chabe, pasapezeke funso la mayeso lochokera ku zinthu zomwe zinatumizidwa pa foni pokha.

Pamsonkhano wanu wotsatira, yambani ndi Fomu 3, maphunziro awiri okha, masamu ndi sayansi imodzi, kwa teremu imodzi. Sungani malikisi a mayeso a teremu yapitayi kuti mudzakhale ndi chofananitsira. Ndipo afunseni osonkhawo kuti chipangizo chikafa mu Febuluwale, mudzayimbira ndani, ndipo adzafika ndi ndalama ya ndani.